Kuwongola tebulo la makina oboolera kuti bowo lizilowa mowongoka

Makina oboolera oimirira, amene m'mashopu ambiri timangowatchula kuti drill press, ali ndi ntchito imodzi imene dirilo ya m'manja siingakwanitse. Amaboola bowo lolowa mowongoka, pa madigiri 90 enieni ndi pamwamba pa thabwa kapena chitsulo, n'kubwereza chimodzimodzi pa bowo lachiwiri mpaka la 100. Tebulo lake likapendekeka pang'ono pokha, ntchito imeneyi yawonongeka. Makinawo azilirabe bwinobwino, biti, kachitsulo kamene kamaboola, izidyabe, koma madawelo, timitengo tolumikizira matabwa a mpando, akana kukumana, bawuti yodutsa mbali ziwiri za chubu ituluka chambali, ndipo mahinji a geti ayamba kulimba tsiku lomwe lapachikidwa.

Digiri imodzi imaoneka yochepa pa sikelo, koma pa bowo lakuya 100mm imasunthira pansi pa bowolo 1.75mm kumbali. Pa thabwa la 50mm ndi pafupifupi 0.9mm. Mukalumikiza matabwa awiri obooledwa pa tebulo lomwelo lopendekeka, kulakwikako nthawi zambiri kumaphatikizana, ndiye dawelo imalowa mokakamiza, thabwa n'kung'aluka, kapena polumikizirapo n'kutsala mpata umene ngakhale guluu sangabise.

Levulo si imene imawongola tebulo

Anthu ambiri akafuna kukonza tebuloli amathamangira levulo. Amaiika patebulo, n'kupendeketsa tebulolo mpaka kathovu kakhale pakati, n'kumanga, basi akhutira. Apa m'pamene mabowo ambiri okhota amayambira. Levulo imakuuzani mmene tebulo lakhalira poyerekeza ndi dziko, pamene biti siitsatira dziko, imatsatira shafiti ya makina, chitsulo chimene chimazunguliza bitiyo. Chofunika n'chakuti tebulo likhale pa madigiri 90 ndi shafitiyo, kaya makina aima chilili kapena atsamira pang'ono.

Mutu wa makina ndi tebulo zonse zimagwira pa mzati umodzi. Mzati ukatsamira, zimatsamira limodzi, ndipo bowo limatulukabe lowongoka. Mashopu ambiri a akalipentala ku Mchesi ndi a owotcherera ku Biwi ali pakhonde kapena pa simenti yoikidwa motsetsereka kuti madzi azituluka, ena ali pa dothi lenileni. Tiyerekeze kuti pansipo patsika 10mm pa mita imodzi. Makina oima pamenepo atsamira kupitirira pang'ono theka la digiri. Mukawongola tebulo lake ndi levulo, mwalichotsa pa madigiri 90 ndi manja anu, ndipo bowo lililonse la 100mm lizikhota 1mm. Levulo ili ndi ntchito yake, tiifika, koma imabwera pomaliza.

Zulani pulagi, osangodalira switchi

Pa ntchito yonseyi manja anu akhala pansi pa chuck, chogwirira biti chija, ndipo mu chuck mukhala waya wopindidwa woyezera tebulo. Zulani pulagi kukhoma. Amisiri ambiri muno mu Lilongwe amagwira ntchito zokonza makina nthawi imene magetsi azima, poti m'pamene pali mpata. Makina akale ambiri ali ndi switchi wamba imene imakhalabe yoyatsa magetsi akathima, ndiye akangobwera, mota imanyamuka yokha popanda chenjezo. Waya wotalika 100mm wozungulira pa liwiro la makina amacheka dzanja ndipo akhoza kufika m'maso. Musachite nazo chibwana zimenezi.

Makina ayambe aima nji

Makinawa ndi olemera kumutu, poti mota, mapuli ndi shafiti zonse zili pamwamba. Gwirani mutuwo, muukankhe uku ndi uku. Phazi likamagwedera, palibe muyezo umene mungaukhulupirire. Pezani ngodya imene yayandama, mulowetsepo tizidutswa ta chitsulo chafulati. Makatoni ndi tizipapati ta paini zimaphwanyika pakapita masabata ochepa, kugwedera kuja n'kubwerera. Ngati pansi ndi pa konkire, mangani phazilo ndi ma rawlbolt, mabawuti ogwira m'konkire, a M10 kapena M12 kudzera m'mabowo ake. Ngati ndi pa dothi, kapena shopu ndi ya lendi moti simungaboole pansi, mangani phazi pa matabwa ochindikala 50mm olumikizidwa, otambalala kuposa phazilo mbali zonse. Makina ang'onoang'ono a pa benchi nawonso amangidwe ndi mabawuti odutsa benchiyo.

Onaninso mabawuti omanga mzati ku phazi, ndi masikuluwu a Allen key, nthawi zambiri awiri, amene amagwira mutu pamwamba pa mzati. Makina amene anyamulidwa pa lole kapena pa ngolo amafika masikuluwu amenewa atakhwepa. Mutu uyenera kukhala utatsikiratu pa mzati mpaka pothera, chuck italunjika pakati pa phazi.

Kenako tsukani tebulo. Ndi la cast iron, chitsulo chochita kutsanulira m'chikombole, ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, limachita dzimbiri msanga likasiyidwa losapakidwa kanthu. Thirani palafini pang'ono, mukhule ndi sandipepa ya 220 yokulungidwa pa kathabwa kafulati, osati pa zala, kuti musakumbe tebulo malo amodzi. M'mphepete mwa mabowo amene biti inalasa tebulo mwangozi mumakhala timilomo totukuka. Tisalazeni ndi fayilo yosalala yogonekedwa chafulati. Kamlomo kamodzi kotere kamakwanira kunyamula vayisi mbali imodzi. Mukatha, gonekani lula yachitsulo choimika mpeni, muunike tochi kuseri, muone ngati tebulolo lili ndi chigwa kapena linunda. Muyenera kudziwa zimenezi musanayambe kuyeza, kuti musamathamangitse vuto la tebulo lopindika ndi sipanala.

Kuyeza ndi sikweya

Iyi ndi njira yachangu. Mufunika sikweya yaing'ono yachitsulo ndi kachitsulo kobulungira kowongoka, kochindikala 8mm mpaka 12mm, kotalika pafupifupi 150mm. Tizitsulo tosalala ta m'mapulinta akale ndi tabwino kwambiri, chimodzimodzinso mwendo wa valavu ya injini ngati siinapindike. Kagubuduzeni pa galasi. Kakamadumphadumpha kapena kuonetsa kuwala pansi, kasiyeni. Biti si yabwino pa ntchitoyi chifukwa sikweya imagwera m'mizere yake.

Sikweya nayonso iyesedwe, poti zambiri zotsika mtengo, ngakhale zatsopano, sizili pa 90, ndipo imene inagwapo pa simenti njokayikitsa. Itsamiritseni m'mphepete mwa thabwa lopalidwa mowongoka, mujambule mzere ndi mpeni, muitembenuze kuti chogwirira chiloze mbali inayo, mujambulenso pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikagonana, sikweyayo njabwino. Ikatseguka kumtunda, mpatawo ndi kulakwika kwa sikweya kowirikiza kawiri.

Mangani kachitsulo kaja mu chuck, mukumanga ndi kiyi m'mabowo onse atatu. Kwezani tebulo lifike pamene mumagwirira ntchito kawirikawiri, ndipo limangeni ku mzati. Izi musaziphonye: tebulo losamangidwa limagwa chakutsogolo, ndipo mukamanga handulo ya kumzati mumaliona likudzuka. Muyezo uliwonse utengedwe tebulo lili lomanga. Imikani sikweya patebulo, muiyandikize ku kachitsuloko kuchokera kumanzere, tochi ili kuseri. Kuwala kukaoneka kumtunda kapena kumunsi kokha, tebulo lapendekeka. Chitaninso kuchokera kumanja, kenako kutsogolo. Musanakhulupirire zimene mwaona, zungulizani chuck theka ndi dzanja, muyezenso. Mpata ukasintha, vuto lili pa kachitsulo kapena pa chuck, osati patebulo.

Chuck yovina kawirikawiri imakhala kuti inakhomedwa pa tepa yalitsiro. Tepa ndi malo osongoka pamene chuck imalumikizana ndi shafiti. Makina ambiri apakati ali ndi tepa ya Morse nambala 2, ndipo chuck imatuluka mukalowetsa chitsulo chosongoka m'kabowo kotalika ka m'mbali mwa shafiti n'kugogoda pang'ono, dzanja lina litalandira pansi. Pukutani tepa zonse ziwiri ziume, zopanda oyilo ngakhale kachenga, mubweze zibwano za chuck m'kati, muilowetse, n'kuikhoma kamodzi kudzera pa thabwa.

Waya wopindidwa amaposa sikweya

Njira imene ife timaidalira kwambiri siifuna chida chogula. Tengani rodi yowotcherera ya 3.2mm, muisadzule chokutira chake chonse, fulakisi uja, kapena kachitsulo ka R6 kamene amapangira maring'i a nyumba, komwe n'kolimbirapo. Siyani 40mm yowongoka yolowa mu chuck, mupinde kuti rodiyo igone chopingasa pafupifupi 100mm, mupindenso 40mm yomaliza iloze pansi. Nsonga yake muisalaze ndi fayilo ikhale yobulungira. Ngati tebulo ndi laling'ono, fupikitsani mkono wopingasawo kuti nsonga isatuluke kunja kwa tebulo.

Ubwino wake ndi uwu. Shafiti ikazungulira, nsonga ya waya imajambula bwalo lomwe lili pa madigiri 90 enieni ndi shafitiyo, ngakhale wayayo atapindidwa mosasamala, ngakhale chuck itakhala yovina. Sikweya yolakwika siilowererapo. Komanso mukuyeza pa mtunda wa 200mm, kuchokera mbali ina ya bwalo kufika inayo, ndiye kupendekeka kwakung'ono kumaoneka kwakukulu.

Kwezani tebulo mpaka nsonga itsale pafupifupi 1mm, mumange. Tsegulani chivindikiro cha malamba, muzungulize shafiti pogwira puli, osati pokankha waya, chifukwa akhoza kupindika osadziwa. Lembani ndi choko malo anayi amene nsonga ikudutsa: kumanzere, kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo chakumzati, mukupewa mipata ya patebulo. Pezani pamene nsonga yayandikira kwambiri, mupinde wayayo pang'onopang'ono mpaka pamenepo izingokanda pepala limodzi loyalidwa patebulo. Ndiye pitani pa malo atatu enawo, muone kuti pakulowa mapepala angati nsonga isanakande. Pepala wamba la fotokope, lija la 80gsm, ndi lochindikala pafupifupi 0.1mm. Amene ali ndi feeler gauge ya amakaniko, timalata toyezera mpata tija, agwiritse ntchito imeneyo, koma mapepala amakwanira.

Tiyerekeze kuti kumanzere pakulowa pepala limodzi, kumanja asanu ndi limodzi. Kusiyana kwake ndi 0.5mm pa 200mm, kutanthauza kuti bowo lakuya 50mm likhota 0.125mm. Pa ntchito ya matabwa, kusiyana kosapitirira mapepala awiri kapena atatu n'kokwanira. Pa zitsulo, makamaka mabowo odzadulamo mazinga kapena olowamo mapini, yesetsani kufika pa pepala limodzi. Amene ali ndi dial gauge, choyezera chooneka ngati wotchi, aimangirire pa mkono wolimba mu chuck n'kuchita chimodzimodzi. Nsonga yake imakodwa m'mipata ya tebulo, ndiye muziinyamula ndi chala podutsa, kapena muyale galasi lochindikala patebulo.

Kumanzere ndi kumanja

Mbali iyi makina anakupatsani pokonzera. Suzumirani pansi pa tebulo, chakumzati. Pali bawuti yaikulu yogona, imene imamanga mkono wa tebulo ku chogwirira cha pamzati, ndipo tebulo limapendekeka mozungulira bawuti imeneyi mpaka madigiri 45 mbali iliyonse. Makina ena ali ndi kapini pansi pa bawutiyo, kokhala ndi nati, kamene kamagwira tebulo pa ziro. Kapiniko kamatuluka mukamanga natiyo, poti imakakoka. Musakakhulupirire kwambiri. Kabowo kake kanabooledwa ku fakitale, ndipo si nthawi zonse pamene kamagwirizana ndi 90 yeniyeni. Ngati kakukanizani kufika pamuyezo, kasungeni m'bokosi, bawuti yokha imagwira.

Gwiritsani ntchito sipanala ya ring'i kapena soketi yokwana bwino, chifukwa shifiting'i imadya makona a bawuti pamalo opanikizika ngati amenewa. Masulani pang'ono chabe, moti tebulo lisasunthe lokha koma lisunthe mukaligogoda. Mukamasula kwambiri limagwera mbali imodzi ndi kulemera kwake konse, ndipo likhoza kukupanani chala. Chotsaninso vayisi kaye. Gogodani m'mphepete mwa tebulo, mbali yokwera, ndi chibakera kapena hamala yathabwa. Kumbukirani kuti mbali ina ikatsika inayo imakwera, ndiye mukufuna kusuntha theka chabe la kusiyana kuja. Pa chitsanzo chathu cha pepala limodzi ndi mapepala asanu ndi limodzi, mukufuna mbali zonse zifike pa atatu kapena anayi.

Chimene chimatopetsa anthu ndi chakuti tebulo limasuntha pomanga. Bawuti ikamazungulira chakumanja imakokera tebulo komweko, mbali yakumanja n'kutsika. Pakani kadontho ka oyilo pa washala ya pansi pa mutu wa bawuti, osati pamalo pamene zitsulo ziwiri zakumana. Mangani pang'ono, muyeze, mumangenso, muyezenso. Mukaona kuti nthawi zonse likutsika pepala limodzi kumanja, lisiyeni dala litakwera pepala limodzi mbali imeneyo musanamange komaliza. Zikatheka, masulani kasikuluwu ka muvi wa pa sikelo ya madigiri, muulozetse pa ziro. Sikelo imeneyi njongokuthandizani kuyandikira, si yoyezera. Chodalirika kuposa apo ndi kukanda kamzere kopyapyala kodutsa zitsulo ziwirizo pamene zakumana, kuti mudzabwerere pomwepo.

Kutsogolo ndi kumbuyo

Kuno ndiye kuli ntchito, chifukwa makina ambiri alibe pokonzera mbali imeneyi. Tebulo lili ngati shelefu yogwidwa mbali imodzi yokha, ndiye kawirikawiri mupeza kuti kutsogolo kwatsika. Musanaganize za mashimu, tizidutswa topyapyala tolowetsa pakati kuti mbali imodzi idzuke, fufuzani chimene chachititsa.

Yambani ndi chogwirira cha pamzati. Chimamanga pofinya mpata wong'ambidwa kumbuyo kwake, ndipo mumpatamo mukadzaza utuchi wosakanikirana ndi girisi, kapena penti, chimaleka kufinya chisanagwire bwino. Tokosani mpatawo, mupukute mzati wonse. Pamzati sipafuna girisi: imakola fumbi la m'chilimwe n'kusanduka phala lokhula chitsulo, komanso tebulo limatsetsereka poboola. Nsanza yonyowa pang'ono ndi oyilo wopepuka ikwanira. Girisi ndi ya pa mano okwezera tebulo ndi magiya a chopukusira. Musawonjezere paipi pa handulo kuti mumange mwamphamvu. Cast iron siipinda, imathyoka, ndipo chogwirira chong'aluka n'chovuta kuwotcherera kuti chibwerere mwakale.

Kenako masulirenitu bawuti yaikulu ija, wina atagwira tebulo, muone pamene zitsulo ziwiri zimakumana. Penti, dzimbiri kapena kachidutswa ka chitsulo pamenepo zimapendeketsa tebulo lonse. Pa makina a tebulo lozungulira, limene limakhala m'chibowo cha mkono n'kumangidwa ndi handulo yakeyake, litulutseni, mutsuke tsinde lake ndi chibowocho, muonetsetse kuti lakhalira pansi mbali zonse musanamange.

Zonsezi zikachitika koma kutsogolo n'kukhalabe kotsika, ikani shimu pakati pa zitsulo ziwiri zija, pansi pa bawuti. Shimu yapansi imakankhira mkono kunja, kutsogolo kwa tebulo n'kudzuka. Kutsogolo kukakwera mopitirira, shimu ipite pamwamba pa bawuti. Kuchindikala kwake mukhoza kuwerengera. Ngati kusiyana ndi 0.4mm pa 200mm, ndipo pokumana zitsulopo ndi potalika 60mm kuchokera pamwamba kufika pansi, chulukitsani 0.4 ndi 60, mugawe ndi 200. Mupeza 0.12mm. Chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi chili pafupifupi 0.1mm m'mbali mwake, ndipo chimadulika ndi sizasi. Dulani kachidutswa kooneka ngati mwezi wongooneka kumene, kuti katsatire m'mphepete mwa pansi, osati kachidutswa kopita mpaka pa bawuti. Mangani, muyeze ndi waya, ndipo poti mwamasula bawuti ija muyambirenso kumanzere ndi kumanja.

Ngati simungafike pa ziro, ndi bwino kutsogolo kukwere pepala limodzi kusiyana n'kuti kutsike. Poboola, biti imakankhira tebulo pansi, ndipo mbali imene imagonja ndi yakutsogolo. Mukhoza kudzionera nokha: nsonga ya waya ili kutsogolo, dinikizani tebulo ndi dzanja, muone mpata ukutseguka. Pa mabowo aakulu m'chitsulo, kuyambira 12mm kupita m'tsogolo, yambani ndi biti yaing'ono ya 4mm kapena 5mm kuti mphamvu yokankha ichepe, ndipo chirikizani tebulo ndi mtengo woimika kapena jeki ya galimoto pakati pa tebulo ndi phazi. Jekiyo ingokhudza, isanyamule.

Tebulo lathabwa pamwamba

Kwa akalipentala, njira yosavuta yothetsera zonsezi ndi kuyala tebulo lathabwa pamwamba pa lachitsulo. Plywood kapena blockboard ya 18mm, yotalika 450mm m'lifupi 300mm, imakwana makina ambiri. Imangeni ndi mabawuti anayi a M8 odutsa m'mipata ya tebulo, mitu yake itamira m'thabwa. Mashimu muike pakati pa thabwa ndi chitsulo, pafupi penipeni ndi mabawuti. Mukawaika kutali, bawuti imapinda thabwa pomanga. Yezani ndi waya pamwamba pa thabwalo monga kale. Njira imeneyi imathandizanso pa tebulo lachitsulo lokhala ndi chigwa pakati.

Pansi pa biti dulani malo a kathabwa kosinthika, ka 80mm mbali zonse, ndipo kakhale chambali pang'ono kuti biti isamagwere pakati pake. Kakadyeka mumangokatembenuza, ngodya zinayi kenako kuseri. Pamwamba pake pafanane ndendende ndi pamwamba pa tebulo, chifukwa kakatukuka kamanyamula ntchito, kakamira thabwa limanyotsoka pansi biti ikamatuluka. Thabwa limamwa chinyezi, ndiye tebulo loyezedwa mu Okutobala liyezedwenso mvula ikakhazikika.

Umboni uli m'bowo

Tengani chipika cha mlombwa kapena mbawa chochindikala 75mm, chopalidwa kuti pamwamba ndi pansi zikhale zofanana. Boolani mpaka kutulukira ndi biti yakuthwa ya 10mm kapena 12mm, pang'onopang'ono, mukutulutsa utuchi pafupipafupi. Biti yopyapyala imatsatira mitsempha ya thabwa, ndiye ikunamizani. Zimitsani makina, muzungulize chipikacho patebulo kuti kumanzere kupite kumanja, pansi pakhalebe pansi, mutsitse biti m'bowo lomwelo. Ikatsika mpaka pansi osakhula, tebulo lili bwino. Ikamakhula mbali imodzi kapena kunyamula chipika, kupendekeka kudakalipo, ndipo kukuoneka kowirikiza kawiri.

Waya akanena kuti tebulo lili bwino koma mabowo n'kumakhotabe, musabwererenso ku bawuti ija. Yang'anani kwina. Kachidutswa kamodzi ka chitsulo pansi pa vayisi, kapena utuchi pansi pa thabwa, ndicho chifukwa chofala kuposa zonse, ndiye burashi izikhala pafupi. Mavayisi ena pansi pake ndi pogonera ntchito sipafanana, ndipo chibwano choyenda chimanyamula ntchito pomanga, motero igogodeni ikhale pansi mukamamaliza kumanga. Biti yonoledwa pamanja milomo yake iwiri n'kusiyana kutalika imadya mbali imodzi, bowo n'kukula komanso kusochera, ndipo mumaizindikira poti zinyenyeswa zimatuluka mzere umodzi wokha. Chitsulo chosakhomedwa ponchi, yodindira kadontho poyambira biti, chimatereretsa nsonga, biti n'kulowa itapindika kale. Tsitsaninso shafiti mpaka pothera, mugwire chuck, muigwedeze. Ikamagogoda, chitsulo chimene chimatsika ndi shafiti chili ndi mpata m'mutu. Makina ena ali ndi kasikuluwu kokhala ndi nati m'mbali mwa mutu kochepetsera mpatawo. Ngati palibe, kwezani tebulo kuti ntchito iyandikire biti, shafiti isamatsike kutali.

Pokweza ndi kutsitsa tebulo, masulani handulo kaye musanapukuse. Kupukusa tebulo lili lomanga kumapinda chitsulo cha mano chija ndi kudya magiya. Ring'i ya pamwamba imene imagwira chitsulocho isachipanikize, chizitha kuyenda mozungulira mzati mukakankhira tebulo kumbali. Ndi bwinonso kufika pamene mukufuna mukukweza, osati mukutsitsa, kuti tebulo likhale litatsamira pa mano pomanga. Mukatero onani kuti bowo la pakati pa tebulo lalunjika biti.

Tsopano levulo

Tebulo likakhala pa 90 ndi shafiti, ikani levulo pamwamba pake, kumanzere ndi kumanja kenako kutsogolo ndi kumbuyo. Kathovu kakathawa, musakhudze tebulo. Konzani pansi pa phazi ndi tizitsulo tija mpaka kakhale pakati, n'kumanganso ma rawlbolt. Phindu lake limaoneka pa ntchito zazitali. Chubu cha mamita 6 cha geti kapena cha denga sichingagone patebulo chokha, chimafuna chochirikiza kumapeto. Makina akakhala pa levulo, mumangoika levulo pachubupo n'kukweza chochirikizacho mpaka kathovu kakhale pakati, ndipo mwadziwa kuti chubu chagona bwino patebulo. Popanda zimenezi chubu chimatsamira m'mphepete mwa tebulo, bowo la pamwamba ndi la pansi n'kusemphana.

Pomaliza pakani tebulo lachitsulo polishi wa pansi kapena kandulo, mupukute liume. Oyilo amadetsa matabwa ndipo vanishi amakana kugwira pamene wakhudza.

Mabowo opendekeka dala

Miyendo ya masitulu ndi mipando ina imafuna mabowo a madigiri 10 kapena 15. Tebulo limatha kupendekeka, inde, koma mukatero ntchito yonse ya waya ndi mapepala muibwerezanso pobwerera, ndipo ngati munaika shimu ikhoza kusuntha kapena kugwa. Ife timalangiza kuti tebulo likawongoka lisiyidwe choncho, mupange kabenchi kotsetsereka koika pamwamba. Dulani timatabwa tiwiri tofanana ta makona atatu. Pansi pake pakhale 200mm. Kutalika kwa mbali yoimirira kukhale 35mm ngati mukufuna madigiri 10, kapena 54mm ngati mukufuna 15. Khomani plywood pamwamba ndi pansi, ndi kathabwa kotchinga kumunsi kuti ntchito isatsetsereke. Mangani kabenchiko ku tebulo ndi makalampu awiri, ndipo ntchito nayonso imangidwe, chifukwa biti yolowa pamalo otsetsereka imakankhira ntchito kumunsi. Biti ya Forstner, yoboolera matabwa yokhala ndi mkombero wodula, ndiyo imayamba bwino pamalo otere, pa liwiro lotsika, mukutsitsa pang'onopang'ono mpaka mkombero wake wonse utalowa m'thabwa. Lembani madigiri ake pambali pa kabenchiko ndi penti, mukapachike pa msomali pafupi ndi makina, pamodzi ndi waya wopindidwa uja.